Chikombole cha a Argentina

A Argentina sadziwa kukhala pansi. Ife amene timagwira nawo ntchito ku bungwe la alimi a kachewere ku Ulongwe timawaseka kuti mpando wawo sudzatha, chifukwa ngakhale pa kompyuta amalemba ali chilili, mwendo wina uli kale pakhomo.

Bungwe lathu lili ndi wiki, masamba a pa intaneti amene aliyense wa ife atha kukonza. Atekiniko a zaulimi amalemba malangizo m'Chipwitikizi, a Argentina n'kumasulira m'Chinyanja. Kuti alimi asasochere, anapanga kabokosi kokhala pamwamba pa tsamba lililonse: ukadina, kamakufikitsa pa nkhani yomweyo m'chinenero chinacho. Anakalemba kamodzi kokha, masamba onse makumi asanu ndi atatu amangotengera pomwepo, n'chifukwa chake amakatchula chikombole, ngati cha njerwa. Ankanyadira nacho, mpaka tinatopa n'kuonetsedwa.

Lachinayi lina mu Febuluwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, anatsegula tsamba la Chipwitikizi la matenda a chiwawu kuti aone ngati kabokosi kakugwira ntchito. Kankagwira bwinobwino. Koma mawu a m'tsambamo anali atasintha. Milungu itatu m'mbuyomo tekiniko wina anali atakonza kuti mvula ikachuluka chonchi, alimi azipopera mankhwala masiku asanu ndi awiri aliwonse. Tsamba la Chinyanja linkanenabe masiku khumi ndi anayi. Munthuyo sanauze aliyense, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Mlongo wamng'ono wa a Argentina, Arcanjo, amalima kachewere ku Domwe. Sukulu anasiyira kalasi yachitatu, Chipwitikizi amadziwa cha moni basi, koma masamba athu a Chinyanja amawerenga pa foni. Munda umodzi womwewo ndi umene umadyetsa ana ake.

A Argentina anamuimbira kanayi, foni osapezeka. Anathamangira kokwerera shapa, minibasi yopita ku Domwe. Podikira kuti idzaze anali atayamba kale kukonza chikombolecho pa foni, kuti tsamba la Chipwitikizi likasintha, la Chinyanja lizionetsa mzere wofiira wakuti malangizowa ndi akale. Anatsika, anakweranso, anakalipira woyendetsa wosalakwa.

Zotsalazi anandiuza okha atabwerako. Anapeza Arcanjo ataima pakati pa mizere. Kachewere anali atada kuyambira kumunsi kwa munda mpaka kuchulu, fungo la zowola lili ponseponse.

"Unapopera liti?" anafunsa a Argentina.

"Ndipopera mawa, achemwali. Mawa ndiye akukwana masiku khumi ndi anayi."

"Sunaone kuti anzako akupopera pafupipafupi?"

"Ndinaona. A Patrisio a munda wa kumtundawu anachita kubwera kudzandiuza." Arcanjo anazula tsinde limodzi lofota, n'kuliponya mumngalande. "Koma ndinati iwo amangomva za m'maluwa. Ine zanga analemba ndi achemwali anga."