Mawashala Ogwa Pansi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene bambo anandituma kuwongola masipoko a njinga ya kabaza, satifiketi ya ku koleji ili m'thumba. Bambo amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Mponela, ndipo ine ndinalumbira kuti girisi sadzandikhudzanso. Ku Dublin ndinapita ngati wophunzira, koma mimba sidya mabuku, ndiye ndinayamba kusaka ganyu.

Ntchito ndinaipeza ku Citywest, kumalire kwa mzindawo, m'chinyumba chozizira cholongedzeramo zitsulo. Tinkaika mabawuti ndi mawashala, tizitsulo tozungulira toboola pakati tija, m'timapepala ta pulasitiki, paketi iliyonse ndi chikalata chake. Bwana anatiuza kuti zina zimakathera ku sitima zankhondo zikuluzikulu, zija ndege zimatera pamsana pake, zoyendera nyukiliya, zotha zaka osamwa mafuta. Sitimayo ine sindinaionepo ngakhale mthunzi wake. Koma Lamlungu pa foni ndinauza bambo kuti ndikugwira za sitima za nyukiliya. Kunama sindinaname, ndinangosiya kuti adzimvere okha. Mwezi usanathe, Mponela yense ankadziwa kuti mwana wa a Mbewe ndi injiniya woopsa.

Ku Finglas, dera lina la Dublin, ndinkakhala m'kachipinda, ine ndi sutikesi yanga basi. Ndinkasowa wocheza naye mpaka woyendetsa basi ndinkamupatsa moni kawiri. Kusungulumwa kunandipweteka, ndisabise, ndipo ulemu wa pa foni uja ndi umene unkandifunditsa.

Pantchitopo panali lamulo lakuti kachitsulo kakagwa pansi, kapite m'bini. Katsopano, konyezimira, kopanda ndi dzimbiri lomwe! Ine mwana wa munthu amene amawongola msomali umodzi katatu, mtima unkandiwawa. Ndiye ndinkatola, kupukuta pa ovololo, n'kubwezera m'bokosi. Nthawiyo chuma cha dzikolo chinali chitagwa, nyumba zangoima zosatha kumanga, anthu akuchotsedwa ntchito uku ndi uku. Ndinkaona ngati ndikupulumutsa kampani.

Woyamba kundigwira anali a Tembo, mnzanga wa ku Zambia amene tinkaima naye pa tebulo limodzi.

"Iwe mwamuna, uchita chani? Iyo ni warship, si njinga! Ba supervisor bakakuona pa camera, ni finish."

Anandionadi. Mabokosi a sabata yonse anatsegulidwa, mawashala onse n'kutayidwa poti panalibe wodziwa kuti ogwa pansi ndi ati. Itakwana nthawi yochepetsa antchito, dzina langa sanavutike kulifufuza. Mapepala anga nawonso anali akutha, ndiye ndinalongedza.

Ndinatsika minibasi pa Mponela ndi chijekete chachikulu komanso manyazi. Akabaza anandizungulira. Wina anafunsa ngati nyukiliya imanunkha, wina akuti ndimuikireko pang'ono pa njinga yake asiye kupalasa. Bambo anangoima poteropo chifuwa chili patsogolo. Nkhope imeneyo ndi imene ndinkaopa kuigwetsa, ndipo masiku atatu ndinkangowazemba. Tsiku lachinayi ndinakhala pa benchi pansi pa mango paja n'kuwauza zonse: kulongedza, kutola, kuchotsedwa.

Anapitiriza kupukuta tcheni osandiyang'ana.

"Ukuti amataya? Atsopano?"

"Eya, bambo."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Ndiye iwe n'kubwera ndi jekete lokha?"

Anaseka mpaka kutsokomola, ine misozi ili lengelenge. Ndinawafunsa ngati sanakhumudwe kuti si ine injiniya.

"Uinjiniya wake uti? Iwe sipoko imakukanika, ndiye sitima? Ndinadziwa kalekale. Ndinkangofuna a Chisale a pagolosale paja amveko kuwawa, ationjeza ndi mwana wawo wa ku Joni."

Kenako anasendeza bokosi la zitsulo ndi phazi mpaka linandigunda chala.

"Azunguwo ali ndi malamulo awo. Kuno chogwa pansi timatola. Gwira sipanala iyo, njinga ya Yohane wa kabaza ikudikira."

Ndinavula jekete lija, n'kugwira.