Mvula ya mu Okutobala

Bambo anga anakalambira pansi pa mgodi ku Kitwe, ntchito yawo inali yopopa madzi. Ndiye nditayamba ntchito yomanga mapaipi ozimitsa moto kudenga la nyumba zosungiramo katundu, anandiseka mpaka misozi.

"Ine moyo wonse kutulutsa madzi," ankatero, "iwe ukukawapachika pamwamba pa katundu wa eni ake? Mwana wamkazi kumakwera makwerero chifukwa cha mvula yosagwa!"

Zinkandipsetsa mtima. Ndinkawafotokozera kuti kukamwa kwa paipi iliyonse kuli kagalasi kamene kamaphulika kakangomva kutentha, madzi n'kukhuthuka pomwepo. Iwo ankangoyasamula.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, moto unabuka m'nyumba yosungiramo mabelo a zitenje ku Ndola, momwe mapaipi ake ndinamanga ndi manja angawa. Ozimitsa moto pofika anapeza utazima kale. Anapsa ndi mabelo apakona okha.

M'mawa mwake ndinapita ku Kamitondo komwe bambo ankakhala, n'kuwakweza minibasi bambowo osawauza kanthu. Titafika ku Ndola n'kulowa m'nyumba ya mabelo ija, pansi panali ponyowabe, utsi ukununkha. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anavula chipewa. Dontho linawagwera padazi, koma sanalipukute.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, anandigwira dzanja n'kundikokera pomwe panaima akulu ampingo anzawo.

"Mwamuona uyu?" anatero. "Amagwetsa mvula mu Okutobala. Nanga anu aja amatani?"