Ndinamukanira Esinati Jakisoni wa Mwezi ndi Mwezi

Inu owerenga, ine ndinataya mwana chifukwa cha pakamwa panga. Sukulu ndinalekeza mu Sitandade 2, kulembaku ndaphunzirira kuukulu, ndiye mukaona mawu ena apindika mundikhululukire, koma zimene ndikunenazi zinachitikadi. Kwathu ndi kumapiri kuno, cha ku Kasakula ku Ntchisi, ndipo ondidziwa akuuzani kuti ndikalankhula ndili kudimba amandimva kumudzi. Ndinkanyadira zimenezo.

Chinali chaka chimene tinayamba matipate, ndale za zipani zambiri zija, nyengo yachisanu, tikusankha fodya m'chigafa. Mwana wanga Esinati, wa zaka khumi ndi zitatu, anadandaula pakhosi. Malovu omwe ankalephera kumeza, thupi lili moto. Mayi ake, a Nachisale, atamuyang'ana kukamwa anaona timafinya toyera, n'kunena kuti tipite naye kuchipatala. Ine ndinakana. Ndinati limenelo ndi fumbi la fodya, amwe madzi otentha a mandimu basi. Patatha masiku ochepa pakhosi panapoladi, ndipo ndinazungulira mudzi wonse kudzitama kuti ndine dokotala wopanda pepala.

Mwezi usanathe, bondo la Esinati linatupa. Litaphwa, chinatupa chigongono, kenako akakolo. Pochokera kuchitsime ankapumira kawiri katatu pa kamtunda kamene kale ankakakwera chothamanga. A Nachisale sanandifunsenso, anamukweza pa njinga ya achimwene awo mpaka kuchipatala. Ine ndinatsatira mawa lake, nditakwiya kale.

Adokotala anali bambo wofatsa, anandipatsa mpando n'kundilongosolera bwinobwino. Anati m'thupi mwa munthu muli asilikali olimbana ndi matenda. Asilikaliwo anatuluka kukamenya tizilombo ta pakhosi tija, koma tizilomboto timafanana ndi mnofu wa mtima komanso wa molumikizira mafupa. Ndiye atatha adani, anatembenukira eni mudzi. Anati tikanabwera nthawi ya zilonda za pakhosi ija, mankhwala a masiku khumi akanatseka nkhani yonse. Tsopano timakomo ta mtima tinali titayamba kuwonongeka, ndipo pakhosi pakadwalanso, asilikali aja adzabwerera kumtima komweko. Njira inali imodzi yokha, jakisoni wa penisilini mwezi uliwonse, kwa zaka zambiri, kuti tizilombo tisapezenso malo.

Atatero anandipatsa khadi lolembedwa masiku obwerera. Apa ndi pamene ndinagwera m'mbuna. Zolembedwazo sindinathe kuziwerenga, koma khadi lotere ndinaliona kale ndi mkazi wa mnzanga wina amene ankabayitsa jakisoni wolera. Masiku amenewo nkhani ya kulera inali pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo ife amuna pamsika tinkati akufuna kutha mtundu wathu. Jakisoni wobwerezabwereza, kwa mwana wamkazi, wakhadi lamasiku. Ndinangophatikiza ndekha m'mutu mwanga.

Ndinatuluka pakhonde, anthu ali pamzere, n'kufuula, "Mukufuna kundiumitsira mwana asanathe n'komwe msinkhu? Pano ndi matipate, wondikakamiza palibe!"

Adokotala ananditsatira, nati, "Bambo, ameneyu si wolera ayi. Funsani aliyense wodziwa kuwerenga pano akuuzeni."

Inu owerenga, kufunsa kunali kuvomera pamaso pa anthu onse aja kuti ine, munthu wolankhula pamisonkhano, sindidziwa kuwerenga. Khadi lija ndinalipinda, ndipo nditafika kunyumba ndinaliponya pamoto.

A Nachisale anamuzembetsa mwana kawiri kukamubayitsa jakisoni uja, kunama kuti akupita kuchigayo. Nditamva ndinawauza kuti akabwerezanso ukwati watha. Anasiya.

Chisanu chilichonse pakhosi pa Esinati pankayambiranso, kenako mawondo. Sukulu anaileka chifukwa inali kuseri kwa phiri. Khasu ankaligwira pang'ono n'kukhala pansi, ine n'kumati ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Patapita zaka zisanu anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Malomo. Nditamva kuti ali ndi pakati ndinapita kumsika kukalalikira anzanga kuti, mwaona, akanamamubaya jakisoni uja bwenzi pano ali wouma.

Pakati patafika miyezi isanu ndi iwiri, miyendo inatupa, milomo inada, mpweya unkamuthawa ngakhale atangokhala. Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti mtima wowonongeka chotere sungasenze anthu awiri. Ndinayamba kukweza mawu monga mwa chizolowezi changa, koma Esinati anandigwira malaya.

"Ababa, musakalipire anthu pano. Sanalakwe."

Anamwalira masana a tsiku lomwelo, mwana ali m'mimba.

Maliro atatha, a Nachisale anatulutsa khadi lina limene anapatsidwa nthawi ankamuzembetsa ija. Analipereka kwa mkulu wampingo wathu, amene ndi mphunzitsi, kuti awerenge ine ndikumva. Anawerenga dzina la Esinati, dzina la mankhwala, ndi mawu akuti matenda a mtima. Masiku awiri okha anali ochongedwa, ena onse anali opanda kanthu. Mawu akuti kulera munalibemo. A Nachisale sanandinyoze n'komwe. Bola akanandimenya.

Ndiye ndikupemphani, mwana akadandaula pakhosi thupi likutentha, musati ndi fumbi kapena chisanu. Pakhosi pamapola pokha, eya, koma nkhondo imatha kusamukira kumtima inu musakudziwa. Pitani naye kuchipatala, ndipo mankhwala amalize onse ngakhale akuoneka kuti wachira. Akakuuzani za jakisoni wa mwezi ndi mwezi, musadumphitse. Ndipo inu amuna anzanga amene pepala limakuvutani, funsani, manyazi a kufunsa sapha munthu. Ine ndinkati ndikuteteza zidzukulu zanga, koma mwana ndi mdzukulu ndinawataya tsiku limodzi.