Mvula ya Kuzilumba za Achimwene

Achimwene anga anabwera pa ndege, koma si ndege yonyadira nayo. Inali ija yobweza anthu ogwidwa kunja opanda mapepala. Ine ndi amayi tinalawirira kuchoka ku Lirangwe kukawachingamira ku Chileka, ndipo munthu amene anatuluka pageti anali ndi nkhope ya achimwene, jumbo imodzi m'manja, basi. Zaka zonse zija sitinamveko mawu awo. Amayi atawafunsa kumene anali, anayankha mwaulemu ndithu kuti anali kuzilumba.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinawachitikira. Anzawo amene anapita nawo ku Joni ankati anasiyana nawo kalekale. Ashehe anawapempherera, kuchipatala anatipatsa mapiritsi amene ankangowagonetsa ngati chipika, koma zilumbazo sizinachoke m'mutu mwawo.

Ankazifotokoza mosazengereza, ngati munthu wolozera mnzake njira ya kuchigayo. Pakati, amati, pali chilumba chachikulu chokhala ndi phiri limodzi, ndipo anthu akumeneko amamangirira mitambo kuphirilo ngati mbuzi kuti isasochere. Kumadzulo kuli chilumba cha mchere, chopanda mtengo ngakhale umodzi, kumene amatumizako anthu olakwa. Akafika pa chimenechi ankatsitsa mawu n'kumasisita m'manja, ndipo ine ndinkaopa kufunsa zambiri. Ndiye pali tizilumba ting'onoting'ono tosakhazikika, toyenda ndi mwera. Mnzako woyandikana naye m'mawa, pofika madzulo ali kutali, ukungomuona akukweza dzanja. N'chifukwa chake kumeneko sabwerekana nkhwangwa.

Ndisaname, poyamba ndinkamvetsera, mwinanso n'kuseka. Ife a kuno nyanja timaionera pa foni. Kwathu ndi fumbi, miyala ndi milambe, ndipo mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsono munthu akamakuuza za dziko limene mvula yake ndi yofunda, yopanda bingu, yogwa masana okhaokha anthu atamaliza kudya, umatchera khutu ngakhale ukudziwa kuti ndi matenda akuyankhula.

“Kumeneko nyengo sinama, chemwali,” ankandiuza. “Nyenje zikangolira, bzala tsiku lomwelo. Dothi lake ndi lakuda bii. Chimanga sichichedwa.”

Apa m'pamene kuseka kunandithera. Kwathu nyenje zimalira dzuwa lili pachimake, mvula yeniyeni idakali kutali.

Chaka chimenecho tinali titakolola zochititsa manyazi. Chimene tinasunga ndi mbewu yokha, ya lokolo, yosankha ngala imodziimodzi, yothira phulusa n'kutsekera m'chigubu. Ya kusitolo sitikanaikwanitsa. Bambo a ana anga anali atapita kale ndi mkazi wina, ndiye pakhomo wolima ndinali ine. Ana akagona ndi phala lamadzimadzi, chigubucho sindinkachiyang'ana n'komwe. Mmenemo munali chakudya chathu chonse cha chaka chamawa.

Ndinauza amayi kuti tikachisungitse kwa aneba.

“Mwana wanga si mbava,” anatero. “Ukufuna mudzi wonse udziwe kuti tikubisirana zinthu m'nyumba?”

“Mudzi ukudziwa kale, amayi. Ana amawatsata kumsika kuti awauze za mitambo yomangirira.”

Anandiyang'ana diso lija loti watha ulemu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinapsa mtima, ndipo mtimawo sunaphwe mpaka pano. Amayi ankaopa manyazi kuposa njala. Ndinangokweza chigubucho kudenga la khitchini n'kuchiphimba ndi masaka, kuiwala kuti achimwene anakulira pakhomo pomwepo ndipo denga limenelo anafolera okha.

Tsiku lina kunagwa maliro mudzi woyandikana nafe. Ine ndi amayi tinachezera kuphika, ana tinawasiya kwa aneba. Pobwera masana tinapeza achimwene atakhala pakhonde, atasamba, atavala malaya oyera opitira kumzikiti tsiku la Juma. Khasu linali loyedzeka kukhoma. Chigubu chinali chovundikira pansi.

“Ndamaliza munda wonse,” anatero, nkhope ikuwala. “Nyenje zayamba dzulo. Inu simunamve?”

Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Iwo ankangondimvera chisoni, ngati ine ndiye wodwala. Amayi anali akuyang'ana kumwamba, cha ku Michiru, kumene kamtambo kakuda kanali katayamba kusonkhana.

“Chizimalupsa,” anatero pansipansi.

Mlimi aliyense amadziwa. Mbewu ikakhala m'dothi louma imatha kudikira. Koma kamvula konyenga ka chizimalupsa kakainyowetsa, imadzuka, imatulutsa kamuzu, kenako dzuwa limabwerera n'kuiphikira momwemo. Tinatenga beseni n'kuthamangira kumunda ndi zitenje zathu za kumaliro zomwezo.

Tinayamba kufukula phando ndi phando, ndi zala. Dothi linkawotcha ngati phulusa la pamoto. Achimwene anabzala bwino, izi ndiwayamikire: mizere yowongoka, mapando ofanana, monga anawaphunzitsira malemu bambo. Koma nkhanga zinali zitatitsogolera, mapando ambiri anali okumbidwa kale. Pena ndinkapeza njere ziwiri, pena imodzi, pena nyerere zokhazokha. Amayi, ndi mawondo awo otupa aja, ankakwawa m'khwawa la mzere, akupukuta njere iliyonse pachitenje asanaiponye m'beseni. Ndinkalira ndi ukali, mamina ndi fumbi zitasakanizika, ndipo mumtima ndinkafunsa kuti ndege ija inalekeranji kuwasiya kuzilumba kwawoko.

Madontho oyamba anatipeza tisanafike n'komwe pakati pa munda. Anali akuluakulu, otalikirana, onunkhira fumbi. Ndinadziwa kuti kumene sitinafikeko kwapita. M'beseni mbewu inali yongobisa pansi pake.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Achimwene anali ataima pamzere, malaya oyera aja atanyowa m'mapewa, akuyang'ana m'beseni. Kenako anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kwakale, kumene sindinakumve chibwerereni.

“Aa, chemwali! Mwayamba kale kukolola?”

Anagwada pakati pa ine ndi amayi, n'kupinda manja a malaya, n'kuyamba kufukula mwachangu kuposa tonse. Njere iliyonse ankaikweza m'mwamba kuti tiione.

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zotuluka magazi m'zikhadabo.

“Eya, mwanangu,” anatero, akuwasendezera beseni. “Wagwira ntchito. Takolola.”