Khola la Mbuzi Pamwamba pa Damu

Sukulu ndinalekera Sitandade 6, nditagwirana malaya ndi mphunzitsi amene anatukwana amayi anga. Sindibisa, mtima wanga ndi wapachala, ndipo ku Domasi onse ankadziwa zimenezo. Amayi ataona kuti ndikungoyendayenda pamsewu wa ku Zomba, anandidulira kachigawo ka dimba kumunsi, kumene madzi ochokera kuphiri sauma ngakhale mu Okutobala. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, aliyense pakamwa pali mawu oti chitukuko.

Anzanga ankaoka mpunga. Ine ndinakumba damu, ndikuikamo mbewu ya nsomba za makumba. Chaka choyamba nsomba zinatuluka zoonda ngati zala. Koma ndinazindikira kuti ku ngodya ya damu kumene mvula inkakokolera ndowe za mbuzi, madzi ankabiriwira, ndipo nsomba zinkaunjikana komweko. Ndiye ndinadula nsungwi ndi milimo, ndikumanga khola pamwamba penipeni pa madzi, pansi pake pali mipata. Mbuzi zinayi zinkagona mmenemo, ndowe nkumagwera m'damu. M'mawa uliwonse ndinkamiza mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, ndiye kuti madzi ali ndi njala. Chikangoyamba kubisika, ndiye kuti akhuta. Palibe anandiphunzitsa.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anabwera pa njinga kudzanena kuti kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona madamu. Amalume anga, achimwene awo a amayi, ndiwo anali apampando a komiti ya chitukuko, ndipo dimba lonse la banja lathu mwini mawu anali iwowo. Atangomva kuti kunja, m'mutu mwawo munadzaza azungu, mapampu ndi malata.

Anatsikira kudimba atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe, chimbudzi cha mbuzichi chichoke. Madzi awa utaye, ulowetse oyera. Ukufuna azungu azikanena kuti ku Domasi kuno amadyetsa anthu manyi?"

"Amalume, madzi amenewa ndawaphika miyezi itatu."

"Waphika! Amayi ako akuti unathawa sukulu, kani unapita ku kosi ya zophikaphika?"

Anthu amene ankapalira pafupi anaseka. Ndinaponya khasu m'matope ndikuwauza kuti amene akhudze nsungwi imodzi ayambe wandikwirira ineyo.

Iwo sanakweze mawu. "Alendo akalipeza kholali, dimba ndilanda. Ndipatsa mlongo wako aokemo mpunga."

Amayi anandichonderera masiku atatu. "Mwanawe, gwetsa, udzamanganso akapita." Koma kumanganso khola si nkhani. Nkhani inali madzi. Kuwataya pa nthawi imeneyo kunali kupha chakudya cha nsomba zitatsala pang'ono kukhwima. Ndinakana.

Tsikulo litafika, amayi a mpingo anasesa njira, anthu anavala za kutchalitchi. Minibasi inaima pamsewu, alendo nkutsika. Mzungu panalibe ndi mmodzi yemwe. Panali mayi wina wonenepa wochokera kumadzulo kwa Afirika, amuna awiri akuda ngati ife tomwe, ndi bambo wina wamfupi wa ku Asia, wovala masilipasi, zidendene zong'ambika kuposa zanga. M'manja munali makope ndi mapensulo basi.

Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona, "Iii, nanga katundu ali kuti?"

Mlangizi anafotokoza kuti awa ndi alimi ochokera ku mayiko osauka ngati lathu, abwera kuti tiphunzitsane. Nkhope ya amalume inagwa. Komabe anawatsogolera ku madamu a anthu ena, madzi oyera mbee, ndipo atafika panjira yolowera kwanga anafulumiza mapazi. Mbuzi ndi imene inawaulula. Inalira, bambo wamfupi uja anatembenuka, naona khola, nasiya gulu lonse.

Sanandipatse ndi moni womwe. Anagwada m'mphepete, anapinda malaya, namiza mkono mpaka m'chigongono, maso ali pa chikhatho.

Munthu wochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, wosadziwa ngakhale "muli bwanji", akuchita zimene ndinkayesa kuti ndi misala yanga ndekha.

Anayankhula, mlangizi nkumasulira. "Akuti kwawo amatero ndi abakha. Akufunsa unaphunzira kuti."

"Auzeni ndinaphunzira kwa mbuzi."

Mayi wonenepa uja anaseka mpaka kugwira mawondo. Kenako bamboyo anati madzi anga akhuta mopitirira, mbuzi zinayi zachuluka, ndichotse imodzi. Apo mtima unandinyamukanso. Ndinamugwira mkono ndikumukokera kumtunda kumene madzi amalowera, ndikumuonetsa kuti kuno madzi ndi akuphiri, ozizira, sachedwa kusungunula zobiriwirazo, ndipo ndikachotsa mbuzi, pakatha sabata chikhatho chimaoneka ngati pagalasi. Tinakangana nthawi yaitali, mlangizi thukuta kamukamu pakati pathu. Potsiriza bamboyo anagwedeza mutu, nakhala pansi pa udzu, nayamba kujambula khola langa mu kope lake. Anayeza mipata ya nsungwi ndi zala. Mayi uja anandifunsa ngati nkhosa zingathekenso. Ndinati sindinayesepo, akayese iwo adzatiuze. Nayenso bamboyo anandisiyira nzeru yake: kumangirira mtolo wa udzu pangodya kuti uziolera m'madzi nyengo imene mbuzi zili kubusa. Ndinayesa, imagwira.

Minibasi itapita, amalume anatsala ataima pa mlambala wa damu, jekete lili paphewa.

"Ndiye anthu amenewa akwera ndege kudzajambula chimbudzi cha mbuzi?"

"Eya, amalume."

"Osatisiyira ngakhale wilibala."

"Atenga ndi iwowo. Ife ndi amene tapereka."

Ndinkadikira mawu olanda dimba, zibakera zili m'thumba, nditakonzeka kuyankha zoipa.

"Nsomba zikakhwima, zoyamba ubweretse kunyumba ndidzalawe," anatero. "Ndipo nsanamira iyo yapendama. Uikonze isanagwetsere mbuzi za mlongo wanga m'madzi."

Ndinalowa m'damu ndi kabudula yemweyo kukaiwongola.