Ndodo Yokhota ya Merle

Wendell Osterhout anali munthu woti akalowa m'nyumba mwako, asanakupatse moni wayamba waongola chithunzi cha pakhoma. Chinthu chokhota chinkamuwawa m'maso ngati utsi. Anthu a m'katauni kake, m'mapiri a Catskill, ankati ngakhale maliro ake adzachedwa, chifukwa mwiniwake adzadzuka kuti aone kaye ngati bokosi lakhomedwa moongoka.

Ntchito yake inali yopanga ndodo zowedzera za nsungwi, zija amaponyera nyambo ya nthenga yooneka ngati kachilombo kouluka. Anaiyamba atangobwera kunkhondo, m'kashedi ka kuseri kwa nyumba yake, ndipo sanagwirenso ina. Nsungwi imodzi ankaing'amba m'timizere, kuwotcha mfundo zake n'kuzisalaza, kenako kupala kamzere kalikonse mpaka kakhale ka mbali zitatu, konenepa kutsinde, kunsonga kopyapyala ngati udzu wa tsache. Timizere tisanu ndi kamodzi akatimata pamodzi, wosadziwa ankalumbira kuti ndodoyo inamera choncho. Imodzi yokha inkamudyera mwezi wathunthu. Pomaliza ankalemba dzina lake ndi inki yakuda pamwamba pa chogwirira, n'kupakapo vanishi. Munthuyu analibe galimoto yooneka kapena jekete yopitira kuukwati, koma dzina limenelo ankalisamala kuposa thupi lake.

Ndodo iliyonse inkatuluka ndi nsonga ziwiri zolumikiza mosinthanitsa, za nsungwi imodzimodzi, komanso ndi ulaliki. Lero uwedze ndi nsonga iyi, mawa inayo. Ukachoka kumtsinje uipukute, uipachike choimirira. Ukaitsamiritsa pakhoma ili yonyowa idzakhota, ndipo ikakhota usadzauze anthu kuti anapanga ndi Wendell. Ogula ochokera ku New York, madokotala ndi maloya omwe, ankamvetsera ataweramitsa mitu ngati ana a Sande sukulu.

Amene sankamvetsera anali mmodzi, Merle Tuttle, mnzake wa kuyambira ku pulayimale. Merle ankaswa miyala kuphiri, manja ake anali ngati makasu, ndipo kuseka kwake kunkamveka kutsidya la mtsinje. Pamene ankakwatira Lorene mu 1958, Wendell anamupangira ndodo ngati mphatso ya ukwati. Masiku amenewo nsungwi za ku China zinali zitasiya kubwera, ndipo Wendell anatenga yabwino koposa mwa zochepa zimene anasunga kudenga. Mpaka ukalamba ankanena kuti sanapangenso ina yofanana nayo.

Nanga Merle anaichita chiyani? Nsonga yachiwiri sanaitulutse m'thumba ngakhale kamodzi. Akabwera kumtsinje ankaitsamiritsa ndodoyo pakona ya khonde, madzi ali chuchuchu, iye n'kulowa kukadya. Kenako mu Juni 1963, padziwe la kumunsi kwa mlatho wadenga pamtsinje wa Willowemoc, anakola chinsomba cha trauti chimene anthu anali atachisaka zaka zitatu. Analimbana nacho theka la ola, akukokera kumbali ngati akukoka ng'ombe, mpaka chinadula chingwe n'kupita. Kuyambira tsiku limenelo nsonga ya ndodoyo inakhotera kumanzere.

Mkangano unayambira pamenepo. Loweruka lililonse m'mawa awiriwa ankakumana pakantini ya pafupi ndi siteshoni, khofi ndi mazira, ndipo nkhani inali yomweyo.

"Bwera nayo ndodo ija ndiiwongole. Mphindi khumi basi."

"Ikudwala chiyani?"

"Yakhota ngati mwendo wa galu! Anthu akuiona kumtsinje. Ndipo pali dzina langa pamenepo, chitsiru iwe."

"Dzina lako lili kutsinde, koongoka. Kunsongako n'kwanga."

"Nanga nsonga inayo ukuisungira ndani? Ndinapala ziwiri ine."

"Aaa, mitala ine ayi, achimwene. Kafunse Lorene."

"Tsiku lina ndidzaiba."

"Udzabe. Ndidzauza anthu onse kuti umawedza ndi nyongolotsi ukakhala wekha."

Kwa anthu owedza ndi nyambo ya nthenga kunalibe chipongwe choposa chimenecho, ndipo Wendell ankafiira mpaka m'makutu. Omwa khofi anzawo ankangoti, ayambanso.

Zaka zinapita. Kunabwera ndodo za kufakitale, zopepuka, zotchipa, zosakhota ngakhale uzigonere. Ogula a Wendell anachepa mpaka panatsala okalamba ndi anthu ogula zinthu zoika m'kabati. Sitima inasiya kudutsa, kantini inasanduka malo ogulitsira matayala. Mkazi wa Wendell atamwalira, Merle anayamba kubwera kushedi m'mawa uliwonse. Ankakhala pa ndowa yovundikira, mapazi ali m'zipalo za nsungwi, n'kumanena mabodza a nsomba uku Wendell akupala. Shedi inkanunkha nsungwi yowauka ndi vanishi ndi fodya wa Merle. Wendell ankadandaula kuti phokoso likumulakwitsa muyeso, koma tsiku limene Merle wachedwa, ankatuluka kawiri katatu kukasuzumira kumsewu.

Fumbi la miyala limene Merle anapuma zaka makumi anayi linamutenga mu Novembala 1994. Wendell ananyamula nawo bokosi, ndipo sanaone n'komwe ngati linali loongoka. Ndowa ija sanaichotse.

Mu Febuluwale, chisanu chili pachimake, Lorene anabwera kushedi atanyamula ndodo ija m'thumba lake la nsalu.

"Alamu, vanishi yasweka, ulusi wokulungira ndodo wamasuka. Mundikonzere. Ndikufuna ndiziiona pamalo pake."

"Musadandaule, alamu. Ibwera ngati yatsopano."

Mawu amenewo Lorene sanawamvetse bwino, ndipo Wendell sanaone cholakwika powanena. Anachotsa vanishi yakale mosamala, n'kumasula ulusi wonse. Tsiku lachitatu m'mawa anatenga nsonga ija, n'kuiyang'ana ndi diso limodzi monga ankachitira ndi ndodo iliyonse. Kukhota kuja kunali pomwepo, kumene anakuyang'ana zaka makumi atatu ndi chimodzi manja akumuyabwa. Tsopano panalibe womuletsa. Anadziuza kuti akulemekeza mnzake, kuti ndodo ya malemu siyenera kuonekera kwa anthu ili yopunduka. Anayatsa kanyali ka sipiriti, n'kuyendetsa nsongayo pamwamba pa lawi, uku akuizunguza, mpaka nsungwi inafewa. Anaipinda pang'ono ndi zala, n'kuigwira mpaka itazizira. Zinatengadi mphindi khumi. Tisabise, anasangalala. Anaimba ndi likhweru lomwe.

Patapita milungu iwiri Lorene anabwera ndi mbale ya maapozi ophika mu ufa, chakudya chimene Merle ankachikonda. Wendell analumikiza ndodoyo n'kumupatsa, ikunyezimira ngati uchi. Mayiyo anaiyang'ana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, n'kubwerezanso.

"Mwaika nsonga inayo?"

"Ayi, ndi yomwe ija."

"Mwaiwongola."

"Ee. Inali itakhota, alamu. Nokha mukudziwa."

Lorene anakhala pa ndowa ija, chifukwa mpando wina munalibe.

"Zovala zake ndinapereka kutchalitchi," anatero. "Galimoto ndinapatsa mphwake. Chinthu chimene chinatsala chooneka ngati iyeyo chinali kukhota kumeneko. Ndikatsegula chitseko cha kukhitchini, kansongako kanali kataloza kwa ine."

Lorene anazunguza ndodoyo m'manja n'kupitiriza.

"Mukudziwa chimene ankakanira? Ndinamufunsapo, ndinati bwanji osangomupatsa mnzakoyo aiwongole, anthu tipume? Anati, Lorene, Wendell ndi munthu wosadziwa kunena kuti ndakusowa. Tsiku limene ndidzamulole kuiwongola, adzasowa chondiitanira."

Anaimirira, n'kuika ndodoyo pa benchi bwinobwino.

"Ndi yokongola, alamu. Koma iyi ndi yanu. Isungeni."

Mbale ija anaisiya. Wendell sanaikhudze mpaka inachita nkhungu. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo chisoni chimene anachibisa pamaliro chinamupeza tsopano. Madzi akatayika saoleka, koma iye anayesa ndithu. Mawa lake anayatsanso kanyali kaja. Kukhotako ankakudziwa ngati chikhatho chake, ndipo kukubwezera kukanatenga mphindi khumi zomwe zija. Anafikitsa nsonga pafupi ndi lawi, n'kuima. Kukhota kwa Merle kunapangidwa ndi nsomba, ndi dzanja lake, ndi khonde lake. Uku kukanakhala kwa Wendell, bodza lopakidwa vanishi, loti akapereke kwa mayi wamasiye. Anazimitsa kanyaliko.

Panali chinthu chimodzi chimene opanga ndodo onse amachidziwa ndipo amadana nacho. Nsonga yowongoledwa pamoto nthawi zambiri imadzabwerera pomwe inakhotera ikagwiranso ntchito. Wendell anakhala akutukwana khalidwe limeneli moyo wake wonse. Ogula ankabwerera chaka chotsatira, nsonga itakhotanso, iye n'kumakukuta mano kuti nsungwi siiwala, kanthu kouma mutu. Tsopano chiyembekezo chake chonse chinali pa kuuma mutu komweko.

Pa 1 Epulo, tsiku lotsegulira uwedzi, anthu anadabwa kuona Wendell, wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi ndi mawondo ake olira, akulowa m'madzi ozizira ndi ndodo ya Merle. Anadabwa koposa poona zimene ankachita. Munthu amene analalikira theka la tauni ankawedza ndi nsonga imodzi tsiku ndi tsiku. Akakola nsomba ankakokera kumbali ngati ng'ombe. Akafika kunyumba ankaitsamiritsa ndodoyo pakona ili yonyowa, n'kutembenuka msanga kuti asaone, chifukwa mtima unkamupweteka. Ena anayamba kunong'onezana kuti mutu wa mkuluyu wayamba kuchoka.

M'mawa uliwonse ankaiyang'ana ndi diso limodzi. Yoongoka. Epulo anatha, Meyi anatha, ndodo ili chiongokere. Akakumana ndi Lorene kusitolo, mayiyo ankapereka moni waulemu, uja wopatsa munthu wachilendo, osatinso alamu. Wendell anafika potukwana manja ake chifukwa chogwira ntchito bwino.

"Iwe Merle," ankalankhula ndi ndowa ija, "zaka zonsezi unkawononga zinthu osayesa n'komwe. Ine ndikuyesetsa, zikukanika. Unkatani kodi, chitsiru iwe?"

Pakati pa Juni, masana ena kutachita mitambo, anapita padziwe la kumunsi kwa mlatho wadenga. Tizilombo tinali titatuluka pamadzi, ndipo pafupi ndi mwala wa kutsidya nsomba inkadya mwakachetechete, monga zimadyera zikuluzikulu. Anaponya kawiri, osafika. Kachitatu nyambo inatera bwino, madzi anatseguka, ndodo inapindika mpaka m'chogwirira. Sinali yaikulu ngati ya mu 1963, kapena mwina inali, pakuti ya Merle ija inkakula chaka chilichonse. Wendell anaiwala ulaliki wake wonse. Anakokera kumanzere ndi mphamvu zonse, akuterereka pa miyala, akukuwa yekha ngati mwana. Nsombayo inathamangira pansi pa mwala, chingwe chinati thapu, basi yapita.

Anakhala pagombe akupuma wefuwefu. Anachita mantha kuyang'ana. Kenako anatseka diso limodzi, n'kukweza ndodo. Patsogolo pa mfundo yachiwiri, pamalo pomwe paja, nsonga inali itapendekera kumanzere. Sikunali kukhota konse kwa kale, mwina theka lake, koma kunali komweko. Madzi saiwala khwawa. Wendell analira pamenepo, mokweza, chipewa chili pamaondo.

Sanapite kwawo kukasintha. Anayenda msewu wonse ndi nsapato zake zam'madzi zikulira fwatafwata mpaka kunyumba ya Lorene. Anakwera pakhonde, n'kuitsamiritsa ndodo pakona yake, madzi akudontha. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Lorene anayang'ana munthuyo, n'kuyang'ana ndodo, nthawi yaitali.

"Yakhota," anatero.

"Si ine. Sindinaiyandikitse pamoto. Yabwerera yokha."

"Nsomba?"

"Yathawa."

"Ndiye ndi yakedi," anatero Lorene, n'kupukuta m'maso ndi nsalu ya mbale. "Vulani zinsapatozo, alamu, mundidetsera pansi. Khofi alipo."

Wendell anavula, n'kulowa ndi masokosi onyowa. Pakhoma la m'khitchinimo panali chithunzi cha ukwati wa mu 1958, Merle akuseka mano onse panja, ndipo chinali chitapendekera mbali imodzi monga chinkakhalira nthawi zonse. Wendell anaima patsogolo pake. Dzanja linanyamuka lokha. Analibweza, n'kuliika m'thumba, n'kupita kukakhala pansi.