Kachitini ka kumbuyo kwa mpando

Ba Yotamu, mkulu wanga, lero ndakukumbukani pa msewu wa ku Kanyama. Tsiku lija munandipatsa njinga yanu yamoto, matenda atakufooketsani kale, munatsegula kachitini komwe munkamangirira kumbuyo kwa mpando n'kundionetsa za m'katimo: mabandeji, magolovesi, thonje ndi kasizasi. Anzanu pa siteshoni ya njinga zonyamula anthu ankakusekani kuti "ba Dokota", koma inu munandiuza kuti, "Petulo ukaiwala uzakankha chabe. Aka usakasiye."

M'mawa uno wanjinga wina anaterereka m'matope, lata n'kumucheka mwendo. Magazi ankatuluka kwambiri, ndipo anzake anali atabweretsa kale mafuta a mabuleki oti athire pabalapo, monga achitira ambiri. Ndinawaletsa, chifukwa mafutawo amangowononga mnofu, saletsa magazi. Ndinavala magolovesi anu, ndinatsindika pabala, ndinamanga zolimba, ndipo tinamufikitsa kuchipatala akulankhula. Anesi ati mwendowo upola. Potuluka, mmodzi wa aja ankakusekani anandigwira mkono. "Ba Dokota bang'ono, tiuzeni vogula, naife tifuna kachitini." Mwapambana, mkulu wanga. Mawa ndikawaphunzitsa kumanga bandeji monga munandiphunzitsira.